Uvuni wa gasi ukuyaka n'kuzimanso, alamu n'kumalira: thandizeni

NaBanda wa Masikono: Akuluakulu mwadzuka bwanji? Ndabwera ndi vuto la uvuni wanga wa gasi, uja wa ku China wa madeki awiri. Ndikauyatsa fani imayamba kuzungulira, ndimamva tiki tiki tiki, moto umayaka bwinobwino ndithu, ndimauona pagalasi. Koma pakangopita kamphindi, zii, wazima, alamu n'kuyamba kulira. Ndikazimitsa n'kuyatsanso, zomwezo. Anabwera wokonza wina n'kusintha kabokosi koyatsira moto, ndalama ndinalipira, matenda akadali omwe aja. Pano mtanda wa mabanzi wafufuma mpaka kusefukira m'beseni, a magolosale akungoimba foni. Ndithandizeni.

Wa ku Ndix: Gasi watha ameneyo mayi kkkk

NaBanda wa Masikono: Achimwene, silinda ndadzadzitsa dzana lomweli, ya 19 kg. Kuinyamula kwake mpaka anthu awiri.

Mjomba wa ku Mangochi: Kapena anzanu ogulitsa nawo masikono auponda uvuniwo? Malonda akamayenda anthu sagona kkk. Pepani chemwali, ndikungocheza. Aphiri ali pagulu pano, adikireni.

Naphiri wa ku Dedza: Asisi, wanga unkachita chimodzimodzi, anasintha thermocouple basi unachira. Ndi kawaya kofiirira kamene kamakhala pafupi ndi kamoto kakang'ono kaja. Sikodula.

Aphiri a Mawaya: Ndafika. Mayi Naphiri, uvuni wanu ndi wa mtundu wina. Wanuwo ndi uja mumakanikiza kabatani n'kugwira masekondi 20 kapena 30 mpaka kamoto ka pilot kakhazikike. Pamenepo thermocouple ikatenthedwa imatulutsa timagetsi tochepa kwambiri, ma millivolt 25 mpaka 30 ikakhala yabwino, ndipo ndi timene timagwira valavu kuti isatseke. Wa Mayi NaBanda ulibe pilot. Uli ndi fani, sipaki ndi bokosi lolamulira. Thermocouple ilimo, koma ntchito yake ndi kuyeza kutentha kwa m'kati, osati kuona moto. Akaigula angotaya ndalama kachiwiri.

Mayi NaBanda, zimene mwafotokozazo zatithandiza kale. Uvuni ngati wanuwo uli ndi ndondomeko yake, ndipo pamene yaimira ndi pamene pali vuto. Fani yazungulira, ndiye kuti magetsi akufika. Tiki tiki yamveka, choyatsira chili moyo. Moto wayaka, ndiye kuti valavu ya solenoid, ija yotsegulidwa ndi magetsi, yatseguka ndipo gasi wafika pa burner, potulukira moto paja. Chatsala ndi chimodzi: bokosi lija liyenera kumva kuti moto ulipo. Likapanda kumva m'masekondi ochepa limatseka gasi. Lili ngati mlonda amene wauzidwa kuti ukapanda kuona abwana tseka geti. Abwana angakhale ataima pomwepo, ngati iye sakuwaona, atseka basi. Ndiye funso si lakuti moto ukuzimiranji, koma lakuti bokosi silikuuona chifukwa chiyani.

Ndiyankheni izi. Zimachitika pa magetsi a mu laini kapena pa jenereta? Madeki onse awiri kapena imodzi? Moto wake ndi wabuluu kapena wachikasu?

NaBanda wa Masikono: Zikomo bambo. Mwandikumbutsa. Pa jenereta ndiye sutheka n'komwe, madeki onse awiri amazima. Jeneretayo ndi yatsopano, ndagula mwezi watha chifukwa cha kuzimazima kwa magetsiku. Magetsi akakhalapo umayaka, koma ukaphika nthawi yaitali, makamaka ndikayatsa madeki onse, moto umafooka, kenako deki ya pansi imazima. Moto ndi wabuluu, koma ukamafooka umakhala waufupi ngati ukufuna kuthawa.

Aphiri a Mawaya: Ehee. Ndiye muli ndi matenda awiri mayi, osati amodzi. La pa jenereta ndi la magetsi. La madeki awiri ndi la gasi. Tiyambe ndi la magetsi.

Mukasuzumira pa burner muona tizitsulo tiwiri kapena titatu tonga misomali, tovekedwa kadongo koyera kumunsi. Tina ndi tothethetsa sipaki, kamodzi ndi komva moto. Kameneka sikamva kutentha ayi. Bokosi limatumiza magetsi pa kachitsuloko, magetsiwo amadutsa m'lawi la moto lenilenilo n'kukafika pa chitsulo cha burner, kenako n'kubwerera ku bokosi kudzera m'thupi la uvuni ndi waya wa earth. Lawi limalola magetsi kudutsa kwambiri mbali imodzi kuposa inayo, ndiye bokosi likaona timagetsi toyenda mbali imodzi timeneti limadziwa kuti ndi moto weniweni, osati waya wagundana. Timagetsi take ndi tochepetsetsa, ma microamp owerengeka chabe. Njira imeneyi ikangosokonezeka pena pake, bokosi limati moto kulibe.

Mabokosi ambiri a mtundu uwu amafuna kuti neutral (waya wobwezera magetsi) ndi earth zikhale pa mlingo umodzi, monga zimakhalira pa magetsi a mu laini. Majenereta ang'onoang'ono ambiri sakhala choncho. Amatulutsa 230 V pakati pa mawaya awiri aja, firiji imayenda, mababu amayaka, fani ya uvuni imazungulira, koma palibe waya umene uli neutral weniweni. Chilichonse chimagwira ntchito kupatula kachitsulo komva moto kaja.

Wa ku Ndix: Akulu mwatalikitsa. Kuno timangolumikiza waya wa solenoid molunjika ku switch, gasi azingotuluka, alamu n'kuidula. Mphindi khumi uvuni wayamba ntchito. Mayiwa mtanda ukuwawasira, inu mukuphunzitsa sukulu.

Angozo ku Joni: Mphwanga, zimenezo usadzachitenso, ndipo ngati pali mauvuni amene unawachita choncho pita ukawabwezeretse. Ine ndimagwira ntchito yokonza zipangizo za m'makhitchini a malesitilanti kuno ku Johannesburg. Ukalumpha bokosi, moto ukadzazima wokha, mwina chifukwa cha mphepo kapena gasi wafooka, valavu imakhalabe yotsegula. Deki ija ndi chibokosi chotseka. Gasi wa m'silinda amayaka akangosakanikirana ndi mpweya pa mlingo wa 2 mpaka 10 pa 100 alionse. Thermostat, kachipangizo kolamulira kutentha, ikadzaitanitsa sipaki, kapena wantchito akadzabwera ndi machesi, chitseko chija chimamupeza kumaso. Komanso gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kudenga, amatsika n'kukhala pansi, m'ngalande, kunsi kwa matebulo.

Wa ku Ndix: Koma palibe unaphulikapo mwa amene ndinakonza

Angozo ku Joni: Sunaphulike chifukwa moto sunazime pa nthawi yolakwika. Si luso lako limenelo.

Admin: A Ndix, uthenga wanu uja wolumpha valavu tiusiya kuti anthu awerenge limodzi ndi yankho la Angozo, koma malangizo otere pagulu pano ayi. Tipitirize.

NaBanda wa Masikono: Ine zolumphazo ayi, ndili ndi atsikana awiri amene amayatsa uvuni 3 koloko m'bandakucha ine ndisanafike. Aphiri, ndiye nditani? Ndigulitse jeneretayo?

Aphiri a Mawaya: Musagulitse. Itanani wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, abwere ndi mita yake, ayeze pa soketi pamene mumalumikiza uvuni. Pa magetsi a mu laini ayenera kupeza pafupifupi 230 V pakati pa live ndi neutral, chimodzimodzinso pakati pa live ndi earth, koma pakati pa neutral ndi earth pazikhala pafupi ndi ziro. Akapeza kuti 230 ili pakati pa neutral ndi earth, ndiye kuti mawaya anatembenuzidwa mu soketi kapena mu pulagi, ndipo zimenezo pazokha zimatha kuzimitsa uvuni momwe mwafotokozeramo. Kenako ayatse jenereta, ayezenso. Akapeza cha m'ma 110 kapena 115 mbali zonse ziwiri, kapena manambala ongoyendayenda, vuto ndi limene ndanena lija.

Kukonza kwake kuli pawiri. Njira yoyamba ndi kulumikiza neutral ya jenereta ku earth pa malo amodzi okha, kukhoma chitsulo cha earth m'nthaka, kuika changeover yoyenera (switch yosinthira pakati pa magetsi a mu laini ndi a jenereta) ndi earth leakage (kachipangizo kodula magetsi akamathawira ku earth). Koma apa asathamange. Majenereta ena anamangidwa kuti pakati pa koyilo ndi polumikizidwa kale ku thupi la jenereta. Yotero ukailumikiza neutral ku earth wawotcha koyilo. Ayambe wayeza jenereta ili yozima. Njira yachiwiri, imene ine ndimaikonda pa uvuni, ndi kuika isolation transformer yaing'ono (transformer yolekanitsa mawaya olowa ndi otuluka) pakati pa jenereta ndi uvuni, n'kulumikiza mbali imodzi ya kotulukira kwake ku earth ya uvuni. Uvuni wa gasi sudya magetsi ambiri, ndi fani, mababu ndi bokosi basi, ndiye transformer yake sikhala yaikulu. Aone pa chimbale cha kumbuyo kuti pakufunika ma watt angati.

Chinthu china: jeneretayo mumailumikiza bwanji? Musandiuze kuti ndi waya uja wa mapulagi mbali zonse ziwiri.

NaBanda wa Masikono: Ayi bambo, uvuni timauzula pa khoma n'kuulumikiza pa extension yochokera ku jenereta. Ngakhale pa khomapo pali extension ina chifukwa soketi ili kutali.

Aphiri a Mawaya: Uzani wa magetsiyo atsegule mapulagi a ma extension onsewo. Ambiri a mumsika ali ndi mabowo atatu koma m'kati muli mawaya awiri okha. Earth mulibe.

Angozo ku Joni: Ndiwonjezereko pa zimene anena Aphiri. Musanaitane munthu pali zimene mungaone nokha, gasi mutatseka pa silinda, pulagi mutazula, uvuni utazizira. Kachitsulo komva moto kaja m'bekari kamakutidwa ndi fulawa wopserera ndi mafuta, kamachita chikhungwa choyera kapena chakuda. Kapukuteni ndi sanipepa yosalala mpaka chitsulo chioneke, osakapinda. Nsonga yake izikhala m'lawi moto ukayaka, koma isakhudze burner. Yang'anitsitsani kadongo koyera kaja ndi tochi: kakachita mng'alu ngakhale wonga tsitsi, magetsi amathawira pomwepo, kachitsulo konse kasinthidwe. Mpata wa sipaki uzikhala mamilimita 3 kapena 4. Tsatiraninso waya wake mpaka ku bokosi, chifukwa makoswe amakonda kutafuna pamenepo. Ndipo mukatsegula mbali ya mawaya musadabwe kupeza mphemvu zitamanga mudzi pa bolodi. Pamafunda, ndiye zimakonda. Ndowe zake zikanyowa zimadutsitsa magetsi.

Naphiri wa ku Dedza: Za mphemvuzo zoona, iii. Koma ine ndikufuna tikambe za vuto lachiwiri lija, chifukwa limenelo ndiye ndikulidziwa. Asisi NaBanda, moto ukayamba kufooka pitani mukagwire silinda. Muona kuti ikuchita thukuta kumunsi, nthawi zina mpaka kuyera ndi ayezi, ndipo pamakhala mzere woonekeratu pamene gasi walekezera. Kuno ku Dedza mu Juni ndi Julayi, 4 koloko m'mawa, silinda imodzi siingathe kudyetsa uvuni. Mwadzadzitsa dzana, koma moto ngati wa kandulo.

NaBanda wa Masikono: Eee asisi, imachitadi thukuta! Mtsikana wanga amaiika m'beseni la madzi otentha, moto umabwerera.

Angozo ku Joni: Ndiye umboni wake ndi umenewo, koma madzi otenthawo alekeni. M'silinda gasi amakhala wamadzi. Kuti atuluke ngati mpweya ayenera kuwira, ndipo kuti awire amakoka kutentha kuchokera ku chitsulo cha silinda ndi mpweya wa panja. Mukamakoka wambiri kuposa mmene silinda ingatenthedwere, imazizira, mphamvu ya m'kati imatsika. Gasi wathu ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira ngakhale pa madigiri 42 kunsi kwa ziro, koma butane amasiya kuwira pafupi ndi ziro. Ndiye silinda ikazizira, komanso ikatsala theka, zimene zatsalamo zimatuluka mwaulesi. Mankhwala ake ndi silinda yaikulu ya 48 kg, kapena masilinda awiri olumikizidwa pamodzi kuti azigawana ntchito. Akhale panja, choimirira, pamthunzi, podutsa mphepo.

Ndaonapo ena akuigoneka silinda chammbali kuti ati gasi atuluke bwino. Imeneyo ndiye ngozi yeniyeni, chifukwa chimalowa mu reguleta ndi gasi wamadzi, ndipo akafika pa burner moto wake simungaugwire.

Funso lina mayi: reguleta yanu ndi yotani?

NaBanda wa Masikono: Ndi yomwe ija ya pa sitovu ya kunyumba. Yobwera ndi uvuni inayamba kutulutsa fungo, tinaisintha.

Angozo ku Joni: Itembenuzeni muwerenge. Pamalembedwa zinthu ziwiri: mphamvu imene imatulutsa, monga 2.8 kPa kapena 28 mbar, ndi kuchuluka kwa gasi amene ingadutsitse pa ola. Za masitovu a kunyumba zambiri zimalembedwa 1 kg/h kapena 1.5 kg/h. Kenako werengani chimbale cha kumbuyo kwa uvuni. Mauvuni ambiri a ku China a gasi wa m'silinda amalembedwa 2800 Pa, zomwe ndi 2.8 kPa yomweyo. Ngati alemba ma kW, gawani ndi 13, mupeza pafupifupi makilogalamu amene uvuni umadya pa ola ma burner onse akayaka. Reguleta iziposa pamenepo, isamangokwanira ndendende. Musagule ija yofiira yopotokola ya high pressure imene amagwiritsa ntchito okazinga tchipisi, imeneyo imaononga valavu ya uvuni. Payipi nayo ikatalika kwambiri kapena ikapindika kuseri kwa uvuni imadya mphamvu.

Aphiri a Mawaya: Ndipo mphamvu ya gasi siyezedwa ndi maso. Wokonza amene alibe geji atha kupanga yake: kapayipi koonekera m'kati, kokhomedwa pa thabwa mopindika ngati U, madzi mpaka theka, rula pambali. Mbali imodzi amalumikiza pa kabowo koyezera kamene kali pa valavu kapena pa payipi ya uvuni, inayo imakhala yotsegula. Gasi akakankha, madzi amatsika mbali iyi n'kukwera mbali inayo. Kusiyana kwake kukakhala pafupifupi masentimita 28, ndiye 2.8 kPa imeneyo. Chinsinsi chake ndi kuyeza moto ukuyaka, ma burner onse, apamwamba ndi apansi, madeki onse awiri. Uvuni uli chozima ngakhale reguleta yotheratu imaonetsa nambala yabwino. Akamaliza atseke kabowoko ndi kupaka thovu la sopo, aone ngati sipakutuluka timabaluni. Polumikiza ponse ayeze ndi sopo, osati machesi.

Sisi wa ku Leeds: Ndikuwerenga ndili pa bureki. Kuno ku UK munthu sungakhudze gasi wa m'khitchini ya bizinesi ngati suli pa Gas Safe Register, kaundula wa amisiri a gasi ovomerezeka, ndi mlandu. Kukhitchini kumene ndimagwira ntchito, fani yokoka utsi ikangozima gasi amadzitsekanso yekha. Poyamba zinkanditopetsa. Funso langa kwa amayi: bekari yanu ili ndi potulukira utsi?

NaBanda wa Masikono: Pali zenera limodzi ndi chitseko, koma usiku atsikana amatseka chifukwa cha akuba ndi kuzizira.

Angozo ku Joni: Kunonso ku South Africa woika gasi amayenera kukhala wolembetsedwa ku SAQCC Gas ndipo amapereka satifiketi, apo ayi a inshuwalansi amatha kukana kulipira moto ukabuka. Mayi, boolani khoma muike njerwa za mabowo, zina kumunsi zina kumwamba, ndi mabagala ngati mukuopa akuba. Uvuni umadya mpweya womwe atsikanawo akupuma. Mpweya ukachepa moto umatulutsa carbon monoxide, ilibe fungo, munthu amangomva mutu, chizungulire, tulo. Jenereta nayonso ikhale panja, kutali ndi zenera komanso kutali ndi masilinda.

Mjomba wa ku Mangochi: Poti akatswiri mwasonkhana, nane ndiponyeko langa. Ndinagula uvuni wa kaunjika, wa ku Italy koma unachokera ku lesitilanti ina ku Joni komweko. Suzima ayi, koma moto wake ndi wautali, wachikasu, matireyi amada ndi mwaye, buledi amapserera kunsi pamwamba asanapse. Gasi ndiye umamwa ngati ndimaba.

Angozo ku Joni: Mjomba, madera ena a Johannesburg ali ndi gasi wa m'mapaipi wa Egoli Gas, amene ndi natural gas, osati wa m'silinda. Ma jet (timitu totulutsira gasi pa burner) a natural gas ali ndi mabowo aakulu chifukwa gasi ameneyo ndi wofooka poyerekeza ndi wathuyu. Mukalumikiza silinda pa ma jet amenewo mumalowa gasi wochuluka kuposa mpweya, zotsatira zake ndi mwaye umene mukunenawo. Zitha kukhalanso kuti polowera mpweya pa burner patsekeka ndi fulawa kapena ukonde wa kangaude, koma yambani mwajambula chimbale cha kumbuyo. Mukaona G20 ndi natural gas. G30 ndi butane, G31 ndi propane.

Mjomba wa ku Mangochi: Chabwino, ndikafika ku shopu ndijambula. Kuli kuseri kwenikweni, mpaka tiukoke.

*Loweruka*

NaBanda wa Masikono: Akuluakulu ndabweranso. Wa magetsi anabwera Lachinayi. Extension ya pa khoma ija inalidi ndi mawaya awiri okha, earth munalibe, waichotsa n'kuika soketi pafupi ndi uvuni. Pa jenereta anapeza 118 mbali ina, 112 mbali ina, monga ananenera Aphiri. Anati jenereta yangayo sakufuna kuigwira m'kati, ndiye waika transformer. Usiku wathawu magetsi anazima 2 koloko, atsikana anayatsa pa jenereta, madeki onse ayaka osazima. Tizitsulo tomva moto ndinapukuta ndekha, ka deki ya pansi kanali ndi chikhungwa chakuda bii. Mphemvu zinalimo Angozo, sindinena zambiri.

Za gasi, wokonza anabwera ndi kapayipi ka madzi kaja. Deki imodzi ikuyaka madzi anali pa 27, titayatsa zonse anatsika mpaka 17. Reguleta inalembedwa 1 kg/h. Tagula yaikulu, pano akuima pa 27 ngakhale zonse zikuyaka. Koma silinda ikuchitabe thukuta ikamakwana 5 koloko, ndiye ya 48 kg ndigula mwezi ukatha. Njerwa za mabowo amisiri abwera Lolemba. Kabokosi kakale kamene anachotsa wokonza woyamba uja ndakaitanitsa, wabweza.

Aphiri a Mawaya: Kasungeni pouma, n'kutheka kuti n'kabwinobwino. Podikira silinda yaikuluyo, m'bandakucha muziyamba ndi deki imodzi, inayo muziyatsa yoyamba ikafika kale pa kutentha kwake.

Wa ku Ndix: Transformer yo mwagula zingati mayi, ndi ya ma watt angati? Pali kasitomala wanga wa ku Chirimba ali ndi vuto lomweli pa inveta.

Aphiri a Mawaya: Pa inveta yamba waona ngati ndi ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a mu laini. Zotchipa zija za modified zimasokoneza bokosi ngakhale earth ili bwino, ndipo transformer siithetsa zimenezo. Ndiimbire madzulo ndikuuze poyeza.

Mjomba wa ku Mangochi: Angozo, taukoka uvuni uja. Palembedwa G20, 20 mbar.

Angozo ku Joni: Ndi natural gas imeneyo mjomba. Musauyatsenso mpaka tisinthe ma jet. Masulani imodzi, pamutu pake pali nambala yodindidwa, mujambule pamodzi ndi chimbale chonse kuti ndione model ndi ma kW. Musalole munthu kuiphwanya ndi hamala kuti bowo lichepe. Ndikafunsa kwa ogulitsa masipeya kuno Lolemba, akapezeka ndipatsira wa basi ya ku Blantyre. Muwerengenso ma burner alipo angati, chifukwa iliyonse ili ndi jet yake, ya pilot payokhanso.